Mtima wolandidwa kale

Aphunzitsi anzanga, munthu wokondera Ajeremani amamutchula kuti voreingenommen. Vor ndi "pasadakhale", pomwe einnehmen ndi "kulanda", ngati asilikali akalanda mzinda. Kwa iwo, wokondera ndi munthu amene mtima wake unalandidwa kale asanamve nkhani. Ife timati tsankho, kuchokera ku kusankha: mwiniwakeyo ndiye wasankha.

Ine ndikuti mawu athuwa ndiwo otiyenera m'kalasi. Kuno ku Bulawayo, mdzukulu wa anthu ochokera ku Malawi akayankhula Chichewa inu n'kumuletsa, musanamizire makulidwe anu. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amavomereza ziyankhulo 16, ndipo Chichewa chili momwemo. Zoona, maganizowo anakulowani musanadziwe, koma mawa mwanayo akakweza dzanja, mudzasankha nokha.