Ndani amafunsa mafunso pa Mchinji boma?

Ife a ku Mchinji timamva ndale za mayiko awiri. Wailesi ikagwira Chipata, kapena m'bale akabwera kudzera pa Mwami, timamva kuti ku Lusaka, Nyumba ya Malamulo ikamakumana, Lachisanu m'mawa wachiwiri kwa pulezidenti amaimirira n'kumayankha aphungu mafunso amene sanauzidwiretu. Kwathu kunonso gawo 89 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa aphungu mphamvu yoitana pulezidenti kuti adzayankhe. Kwa zaka zambiri atsogoleri ankalizemba gawoli, mpaka a Lazarus Chakwera anakaonekera m'Nyumbamo mu Sepitembala 2020, anthu n'kuunjikana pa mawailesi kumvetsera.

Komatu mukatchera khutu pa nthawi ya mafunso opita kwa nduna ku Lilongwe, mupeza kuti ambiri ndi a mjigo, mlatho, nyumba ya mphunzitsi. Phungu amapereka funso lake, funsolo limakhala pamzere miyezi, ndipo tsiku loyankhidwa nduna imawerenga pepala limene alembera akuluakulu a ku unduna: boma likudziwa za vutoli, ndipo liganizirapo ndalama zikapezeka. Phungu athokoza, akhala pansi. Kwawo amva dzina la mudzi wawo pa wailesi, nkhani yathera pomwepo. Nduna sindikuiimba mlandu. Munthu wokhala ku Capital Hill angadziwe bwanji chimene chinaimitsa ntchito ya mlatho wina kwa Mkanda, kapena chifukwa chimene mdadada wa sukulu kwa Mavwere wakhalira wopanda denga dzinja lonse? Odziwa ali pompano pa boma. Anasaina mapepala ndi iwo, analipira kontrakitala ndi iwo, ndipo ena timakumana nawo pamsika.

Nyumba yowafunsira ilipo kale. Mutu 14 wa malamulo a 1994 unakhazikitsa maboma ang'onoang'ono, ndipo mu 1998 kunabwera ndondomeko ija timaitcha mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo lake. Mu khonsolo mumakhala makhansala, aphungu a m'bomalo, mafumu akuluakulu monga a Zulu, a Mlonyeni, a Mduwa ndi a Dambe, komanso anthu asanu oimira magulu monga amayi, achinyamata ndi aulumali. Mafumu ndi oimira magulu amayankhula koma savota. Muli makomiti oona za chuma, chitukuko, maphunziro, zomangamanga, zaumoyo ndi za ogwira ntchito. Mbali inayo kuli bwanamkubwa, amene tonse timangoti a DC, ndi akuluakulu a nthambi zosiyanasiyana, omwe pa boma pano ali ngati nduna zathu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 602,305 mu Mchinji, kuposa anthu onse a dziko la Cape Verde. Anthu ochuluka chotere sayenera kudikira Lilongwe kuti amve kumene ndalama ya mjigo wawo inapita.

Nanga n'chifukwa chiyani ambiri a ife sitinamvepo khansala akupanikiza mkulu wa zomangamanga ndi mafunso? Nkhaniyi ili ndi mbiri yake. Makhansala oyamba a nthawi ya zipani zambiri anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo chisankho china sichinachitike mpaka pa 20 Meyi 2014. Mwana amene anayamba Sitandade 1 m'chaka cha 2005 anamaliza pulayimale asanaonepo khansala. Mpata umenewu sunakhale wopanda kanthu. Mu 2006 kunabadwa thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, CDF, ndipo pokhala kuti kunalibe makhansala, thumbalo linazolowera manja a aphungu. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo okhudza maboma ang'onoang'ono: aphungu anadzipatsa mphamvu yovota mu khonsolo, mawodi anachepetsedwa kukhala awiri pa dera la phungu aliyense, ndipo mphamvu yosankha a DC inapita kwa nduna. Makhansala 12 a Mchinji amene analowa mu 2014, moyandikana ndi aphungu 6, anapeza zonsezi zitakhazikika kale.

Tiyambe ndi a DC. Amene amakulemba ntchito, amene angakukweze kapena kukusamutsa, ndi amene umamuopa. A DC ndi akuluakulu anzawo amayang'ana ku Lilongwe chifukwa tsogolo la ntchito yawo lili kumeneko. Khansala akafunsa funso lovuta, angathe kuuzidwa kuti lipoti likukonzedwa, ndipo msonkhano wotsatira uli kutali, pakuti khonsolo yonse imakumana kamodzi pa miyezi itatu, ndalama za msonkhanowo zikapezeka. Makhansala a m'maboma angapo m'dziko muno akatopa, chida chimene amathamangira ndi kutseka ofesi ndi loko n'kunena kuti munthuyu achoke. Unduna umamusamutsa. Anthu amaomba m'manja kuti apambana, koma wosamutsidwayo wapita ndi mayankho onse m'chikwama, ndipo wobwerayo ali ndi yankho lokonzeka: zimenezo zinachitika ine ndisanafike. Kusamutsa munthu si kumufunsa ayi. Nthawi zina n'kumupulumutsa, ndipo nthawi zina n'kulanga munthu wosalakwa amene anangokana kusainira zosayenera.

Za aphungu, amayi a banki m'khonde anazitulukira kalekale. Bokosi lawo limakhala ndi maloko atatu, makiyi amasunga anthu atatu osiyana, wosunga bokosi alibe kiyi, ndipo ndalama amawerengera pamaso pa aliyense. Palibe amene akuganiziridwa kuba. N'kuti chinyengo chisapeze polowera. CDF kwa zaka zambiri inayenda mosemphana ndi nzeru imeneyi. Phungu ankavomereza thumbali ku Lilongwe, kubwera kuno kudzakhala ndi mawu aakulu pa ntchito zoti zichitike, kuvota mu khonsolo, kenako kubwerera ku Lilongwe kukakhala mu Nyumba imene makomiti ake amafufuza ngati makhonsolo anagwiritsa ntchito bwino ndalama. Mu Meyi 2025, pa mlandu umene linakasuma bungwe la makhonsolo la MALGA, bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti kuvota kwa aphungu mu khonsolo ndi kuyendetsa kwawo thumba la CDF n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Ine chigamulocho ndinagwirizana nacho. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti makhansala ena anachimva ngati kuti tsopano yafika nthawi yawo yosankha makontrakitala. Ngati ndi choncho, tangosintha dzina la munthu wosafunsidwa.

Mayiko ena amene anagawa mphamvu anaikapo mtima kwambiri pa nkhani ya kufunsa. Scotland, yomwe ili mbali ya United Kingdom, inapatsidwa nyumba yakeyake ya malamulo mu 1999, ya aphungu 129, yoona zaumoyo, maphunziro, chilungamo ndi zina, pamene zankhondo ndi ubale ndi mayiko ena zinatsala ku London. Lachinayi lililonse nyumbayo ikamakumana ku Edinburgh, 12 koloko masana, nduna yaikulu imayankha mafunso, atsogoleri a zipani zotsutsa akuyambirira. Makomiti amaitana nduna ndi akuluakulu a boma, zonse zoyankhulidwa zimalembedwa n'kuikidwa poyera, ndipo munthu mmodzi yekha angathe kulemba dandaulo lake komiti n'kulikambirana. Mafunsowo amaluma chifukwa ofunsawo angathe kuchotsa woyankhayo: mu Epulo 2024 nduna yaikulu ya nthawiyo, Humza Yousaf, analengeza zotula pansi udindo ataona kuti voti yomukana ikumudikira. Ku Kenya, kumene malamulo a 2010 anagawa dziko m'zigawo 47, nyumba ya chigawo cha Nairobi inavotera kuchotsa gavanala Mike Sonko mu Disembala 2020, ndipo nyumba ya Senate ya dzikolo inavomereza.

Sindikunena kuti Mchinji ikhale ndi nduna yaikulu ndi mbendera yake. Tilibe ndalama zodyetsera mabwana ena atsopano. Koma taonani anzathu a pafupipa. Chiyambire 2016, meya wa Chipata ndi apampando a makhonsolo a ku Zambia amasankhidwa ndi anthu onse pa chisankho, ndipo amakhala zaka zisanu. Zinthu zikalakwika, anthu amadziwa khomo logogoda. Kuno wapampando wa khonsolo ya boma amasankhidwa ndi anzake a m'khonsolomo, kwa chaka chimodzi. Akamayamba kumvetsa mapepala a zachuma, nthawi yake yatha, ndipo miyezi yomaliza amaithera posaka mavoti a anzake. Munthu wotere sangalimbane ndi mkulu wa zachuma amene wagwira ntchitoyo zaka makumi awiri.

Palinso nkhani ya ndalama zenizenizo, yomwe ife a kumalire timaiona ndi maso. Chipata chatsopano cha Mchinji-Mwami, chimene a Chakwera ndi a Hakainde Hichilema a ku Zambia anatsegulira mu Disembala 2022, chimadutsitsa mathiraki tsiku ndi tsiku. Msonkho wa pamenepo amatolera a MRA, ndipo umapita ku thumba lalikulu la boma, monga lamulo likunenera. Khonsolo imatsala ndi matikiti a pamsika wa Kamwendo ndi Kapiri, ziphaso za magolosale ndi zina zotero, n'kumadikira zochokera ku likulu. Ndondomeko ya 1998 inanena kuti makhonsolo azilandira 5 peresenti ya ndalama zimene boma limatolera, kuti azichitira chitukuko, ndipo a MALGA akhala akudandaula kuti zimenezi sizikwaniritsidwa. Ndiye mkulu wa nthambi akati ndalama sizinabwere, kawirikawiri amanena zoona. Vuto ndi lakuti yankho loonali limabisanso ndalama zija zimene zinabweradi. Ndipo zobwerazo zikukula. Zambia inakweza CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, ndalama za kwawoko, m'bajeti ya 2022, ndipo kuno boma limene linalowa pambuyo pa chisankho cha Sepitembala 2025 linalonjeza K5 biliyoni pa dera lililonse. Ndalama zotere zikafika pamalo pamene palibe chizolowezi chofunsa, tidzalira.

Chimene ndikupempha sichifuna kusintha malamulo oyendetsera dziko. Khonsolo ili ndi malamulo ake oyendetsera misonkhano, ndipo ingathe kuikamo ola limodzi la mafunso pa msonkhano uliwonse wa khonsolo yonse. A DC ndi akuluakulu a nthambi akhale kutsogolo. Khansala aliyense afunse funso limodzi limene analemba sabata ziwiri msonkhanowo usanachitike, kuti woyankha asanamizire kudzidzimutsidwa, ndipo aloledwe kufunsanso kachiwiri yankho likakhala lozungulira. Zonsezi zichitike m'Chichewa. Ku Lilongwe malamulo amafuna kuti phungu azidziwa Chingerezi, koma pano palibe chifukwa choti nkhani ya mjigo wa kwa Simphasi ikambidwe m'chinenero chimene otunga madzi pa mjigowo sachimva. Wailesi ya Mudzi Wathu ili pompano. Iulutse ola limenelo pamene likuchitika. Mayankho alembedwe, amatidwe pa bolodi pa boma ndi m'misika ikuluikulu monga Mkanda ndi Waliranji, ndipo msonkhano wotsatira uyambe ndi kuwerenga zimene zinalonjezedwa pa msonkhano wapitawo. Makomiti a chitukuko a kumudzi ndi a kwa mfumu yaikulu, ma VDC ndi ma ADC, azitumiza mafunso awo kudzera mwa khansala, amene azifotokoza poyera ngati wakana kuwafunsa.

Ndikudziwa zimene ena anganene. Akuti makhansala ambiri sanapite patali ndi sukulu, ndiye adzapusitsidwa ndi manambala. Mayi wogula mtedza pa sikelo sapusitsidwa ndi manambala akakhala a m'chinenero chake, ndipo kufunsa kuti simenti inali matumba angati, inagulidwa pa mtengo wanji, ili kuti, sikufuna digiri. Ena akuti zidzasanduka zisudzo, aliyense kufuna kumveka pa wailesi. Zimenezo zidzachitikadi, monga zimachitikira ku Lilongwe, ku Lusaka ndi ku Edinburgh komwe. Koma ngakhale funso lofunsidwa modzionetsera limakakamiza mkulu wa nthambi kutsegula mafailo usiku woti mawa akayankha. Ogwira ntchito oona mtima, omwe alipo ambiri, apindulanso, chifukwa adzapeza poyankhulira kuti ndalama za mwezi wakuti zinafika mochedwa, kapena kuti wandale wina anawakakamiza. Ndipo makhansala nawonso adzaonekera. Amene amangobwerera alawansi adzadziwika ndi chete wawo, anthu a ku wodi kwawo akumvetsera.

Mchinji inakhalapo kale yoyamba. Mtukula Pakhomo anayesedwa koyamba kuno mu 2006 asanafalikire dziko lonse, ndiye kuyamba chinthu si zachilendo kwa ife. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga wa m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020, choncho zimene zingafunsidwe mu ola limenelo ndi zimene aliyense wa ife ali nazo kale ufulu wozidziwa.

Ndikanakhala khansala, funso langa loyamba likanakhala lopempha mndandanda wa ntchito zonse zimene zinalipiridwa ndi CDF komanso thumba la chitukuko cha boma, DDF, m'chaka cha zachuma chathachi: malo ake, dzina la kontrakitala, ndalama zimene anagwirizana, zimene walandira kale, ndi pamene ntchitoyo yafika. Mndandandawo ndikanaupereka kwa ma ADC onse kuti akhale nawo mwezi wathunthu, aziyenda nawo pa njinga kukaona okha, ndipo zimene akapeze ndi zimene ndikanafunsa pa msonkhano wachiwiri.