Loko wa chitseko cha helikopita: kodi lamulo likakamize?

Namondwe Freddy atawomba mu Marichi 2023, misewu ndi milatho yambiri ku Thyolo, Mulanje ndi Phalombe idakokoloka. Madera ena ufa ndi mankhwala zidafika pa helikopita basi, zina mwa ndegezo zochokera ku Tanzania. Munthu wa ku Khonjeni, amene amadziwa mmene mvula imadulira njira za m'mapiri a tiyi, ali ndi chifukwa chofunsira kuti amayendera ndegezi ndani zisananyamuke.

Funso lathu lili pa kanthu kakang'ono: loko wa chitseko cha katundu. Chitsekocho chikatseguka m'mwamba, chimatha kuthothoka n'kumenya chopukusa cha kumchira, woyendetsa n'kulephera kuwongolera ndege. Matumba nawo angagwere pa madenga a anthu.

Otsutsa lamulo lokakamiza kuyendera malokowa ali ndi mfundo zomveka. Amati Malawi ali ndi mahelikopita ochepa, amakaniko a ndege ndi owerengeka, ndipo zipangizo zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja zomwe n'zosowa kale. Kuimitsa ndege tsiku lonse chifukwa cha loko pamene anthu ali pa chulu kudikira chakudya, iwo amati n'kutaya miyoyo. Bwanji osasiyira eni ndege kuti aziona okha?

Mbiri imayankha mowawa. Mu 1972 chitseko cha katundu cha ndege ya DC-10 chidathothoka m'mwamba itangonyamuka ku Detroit. Akuluakulu a za ndege ku America sadalamule kuti malokowo akonzedwe, adangomvana ndi kampani yopanga. Pa 3 Marichi 1974 chitseko chonga chomwecho chidatseguka pa ndege ya Turkish Airlines pafupi ndi Paris, anthu 346 n'kufa. Ife tili ndi chilonda chathu: ofufuza a ku Germany adapeza kuti pa ndege imene idagwa ku Chikangawa pa 10 Juni 2024, batire la kachipangizo kolozera pomwe ndege yagwera lidatha ntchito mu 2004.

Komabe nkhawa ya otsutsa isatayidwe. Yankho lake ndi nthawi. Kuyendera kwakukulu kuzichitika m'chilimwe, mvula isanagwe, ndipo pa tsiku la ngozi pazitsala kungoyesa loko ndi kusaina m'buku. Ndege zobwereka zizifika ndi mapepala osonyeza kuti zidayenderedwa kwawo.

Akulu adati konza kapansi kuti kam'mwamba katsike. Lamulo likakamize, ndipo boma liike ndalama zake m'bajeti mvula ya Novembala isanafike.