Ndalama zilipo, koma ogawa ndi omwewo

Madola 96 miliyoni pa miyezi inayi. Izi n'zimene kampani ina yotchuka yogulitsa khofi, ya ku Seattle m'dziko la America, inalemba kuti yapatsa bwana wake wamkulu watsopano m'chaka cha 2024. M'chikalata chomwecho, poti lamulo limaikakamiza, kampaniyo inaululanso kuti wantchito wake wapakatikati analandira madola 14,674 chaka chonse. Itawerengetsera yokha, inapeza kuti bwanayo amaposa wantchitoyo ka 6,666. Mtsikana wofulula khofi pakauntala akanati ayambe ntchito zaka 2,000 mapiramidi a ku Giza asanamangidwe, osadwala, osapita kumaliro, bwenzi pano akuyandikira kumene ndalama zimene abwana anapatsidwa m'chaka chimenecho.

Abwanawo sanavutitsidwenso ndi zosamuka. Kalata yowalemba ntchito inawalola kukhalabe kwawo ku Newport Beach, ku California, n'kumapita ku ofesi ya ku Seattle pa ndege ya kampani, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,600. Kampani yomweyi ndi imene imalangiza makasitomala kuti azisamala chilengedwe pobwera ndi makapu awoawo.

Kenaka nyimbo inasintha. Mu December 2024 antchito a m'masitolo ambiri ananyanyala ntchito, ndipo bungwe lawo linati kampani yakana kukweza malipiro nthawi yomweyo, yangolonjeza 1.5 peresenti m'zaka zamtsogolo. Mu February 2025 anthu 1,100 a m'maofesi anachotsedwa ntchito. Chifukwa chake n'chodziwika, chimamveka ku Seattle, ku Johannesburg ngakhalenso ku Kanengo: zinthu zavuta, tiyenera kuchepetsa ndalama zogwiritsa ntchito, tipirire pamodzi.

Ndalama zinalipo. Zinapezeka msanga pamene ankafuna bwana, zinasowa pamene wofulula khofi anapempha. Thumba ndi limodzi, bodi ndi imodzi, chaka n'chimodzi. Chosiyana n'chakuti wina anali ndi anzake m'chipinda chogawira, winayo anali panja atanyamula chikwangwani.

Oikira kumbuyo malipiro oterewa sasowa, ndipo onse amayamba ndi mawu amodzi: msika. Akuti anthu odziwa kuyendetsa kampani yaikulu ndi ochepa padziko lonse, makampani amawalimbirana, choncho mtengo wawo umakwera. Akuti tsiku limene bwanayu analengezedwa, mu August 2024, masheya a kampaniyo anakwera ndi pafupifupi 24 peresenti, motero anadzilipira yekha asanakhale n'komwe pampando. Akutinso ndalama zambiri mwa izi zinali zomubwezera masheya amene anasiya ku kampani yomwe anachokera. Amanena zonsezi ndi nkhope ya munthu amene akuphunzitsa ana a sitandade 1, ngati kuti aliyense wodabwa ndi madola 96 miliyoni ndi mbuli ya masamu kapena wanjiru.

Chabwino, msikawo tiuyang'ane. Bwana amene anachotsedwa kuti uyu alowe nayenso anabwera ndi ng'oma zomwezo: katswiri, wosowa, wofunidwa ndi dziko lonse. Sanakwanitse n'komwe chaka ndi theka ali pampando. Ngati akuluakulu a bodi amadziwa kusankha talente mpaka kuikapo mtengo wa mamiliyoni, analakwitsa bwanji poyamba paja? Ndipo atalakwitsa, ndani wa iwo anadulidwa malipiro? Kukwera kwa masheya tsiku limodzi kumangosonyeza kuti ogula masheya anasangalala tsikulo. Khofi wogulitsidwa m'mawa umenewo anafululidwa ndi manja omwe aja a dzulo.

Msika weniweni uli ndi ogula amene amatsitsa mtengo. Msika wa mabwanawu ulibe wotsitsa. Malipiro a mkulu wa kampani amakonzedwa ndi kakomiti ka bodi, ndipo ambiri okhala m'makomiti otere ndi mabwana a makampani ena kapena amene anapuma paudindo womwewo. Iwo amaitana alangizi, amene amalipidwa ndi kampani yomweyo, kuti abweretse mndandanda wa zimene mabwana anzawo akulandira. Palibe bodi imene imafuna kuvomera kuti bwana wake ndi wochepekera anzake, choncho iliyonse imamuika pakati kapena pamwamba pa mndandandawo. Chaka chotsatira pakati paja pakwera, ndipo onse akuthamangiranso kuti apapitirire. Akatswiri awiri a zamalamulo, Lucian Bebchuk ndi Jesse Fried, anafotokoza bwino kachitidwe kameneka m'buku lawo la mu 2004 lotchedwa Pay Without Performance: mabwana ali ndi mphamvu pa anthu amene amayenera kukambirana nawo malipiro. Wogula ndi wogulitsa amadyera tebulo limodzi, kenaka amatuluka n'kuuza dziko kuti msika walamula.

Ziwerengero zikuwatsutsa. Bungwe lofufuza la Economic Policy Institute la ku Washington linapeza kuti mu 1965 mkulu wa kampani yaikulu ku America ankaposa wantchito wamba pafupifupi ka 21. Mu 2023 ankamuposa ka 290. Kuchokera mu 1978 kufika mu 2023 malipiro a mabwanawa anakwera ndi 1,085 peresenti, pamene a wantchito wamba anakwera ndi 24 peresenti. Ndiye oikira kumbuyo aja atiuze: kodi mabwana a lero ali ndi nzeru zoposa ka 10 za amene ankayendetsa makampani a magalimoto ndi a ndege m'ma 1960? Anamera ubongo wachiwiri liti? Masukulu a zamalonda akutulutsa omaliza maphunziro ochuluka kuposa kale lonse, ndipo malinga ndi chiphunzitso chawo chomwecho, chinthu chikachuluka mtengo umatsika. Pa wantchito lamuloli limagwira ntchito mopanda chisoni. Likafika pakhomo la ofesi ya bwana limavula nsapato n'kubwerera.

Ena amati malipirowo amatsata zotsatira. Mu 2016 kampani yofufuza za masheya ya MSCI inaunika makampani akuluakulu opitirira 400 a ku America pa zaka khumi, n'kupeza kuti amene ankalipira mabwana awo ndalama zochepera anabweretsera eni masheya phindu lalikulu kuposa amene ankalipira zochuluka. Zaka 15 izi zisanachitike, mu 2001, akatswiri a zachuma Marianne Bertrand ndi Sendhil Mullainathan anaonetsa kuti mabwana a makampani a mafuta amakwezedwa malipiro mtengo wa mafuta ukakwera padziko lonse, chinthu chimene bwana aliyense payekha alibe nacho mphamvu. Amalipidwa chifukwa cha mwayi. Mtengo ukatsika, oyamba kuona kalata ndi oyendetsa mathanki.

Ndipo zikagwa zenizeni? Mu March 2009 kampani ina ya inshulansi ku America, imene boma linali litangoipulumutsa ndi ndalama za misonkho, inagawa mabonasi a madola 165 miliyoni kwa antchito a nthambi yomwe inaigwetsa. Chifukwa chimene anapereka chinali chakuti mapangano ayenera kulemekezedwa, komanso kuti akatswiriwo angathawe. Angathawe kupita kuti, ndipo ndani akanalira?

Makampani omwewa amakonda kuuza antchito pamisonkhano kuti mutu umodzi susenza denga. Ikafika nthawi yogawa phindu, denga lonse limapezeka kuti linasenzedwa ndi mutu umodzi.

Pali mfundo ina imene amaitulutsa akapanikizika: ngakhale mutalanda malipiro onse a bwana n'kugawira antchito, aliyense angapeze kangachepe. Masamuwo ndi oona, koma akuyankha funso limene palibe wafunsa. Bwana wolipidwa ndi masheya amalemera masheya akakwera, ndipo njira yachangu yokwezera masheya ndiyo kuchepetsa antchito, kupanikiza malipiro, ndi kugwiritsa ntchito phindu pogulanso masheya a kampani yomweyo. Malipiro akewo ndiwo mphoto yopanikizira ena. Izi zinakula pambuyo pa 1993, pamene boma la Bill Clinton linaika malire a madola 1 miliyoni pa malipiro a bwana amene kampani ingachotsere pamsonkho, koma n'kusiya mpata pa malipiro otchedwa otsata zotsatira. Makampani analowera pampata womwewo ndi masheya, ndipo lamulo lofuna kuchepetsa linathandiza kuchulukitsa.

Wina asaganize kuti imeneyi ndi nkhani ya azungu okhaokha. Pa 16 August 2012, ku Marikana pafupi ndi Rustenburg m'dziko la South Africa, apolisi anawombera n'kupha anthu 34 ogwira ntchito mumgodi wa pulatinamu. Chimene ankafuna chinali ma rand 12,500 pamwezi. Anthuwa ankaboola miyala pansi panthaka, ntchito imene agogo ambiri a kuno anaidziwa m'masiku a Wenela ndi Teba, ndipo anauzidwa kuti kampani ilibe ndalama zotere. Patapita zaka 12, mu 2024, Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasaina kusintha kwa lamulo la makampani kofuna kuti makampani akuluakulu aziulula kusiyana kwa malipiro a apamwamba ndi apansi. Kungoulula kokha kunatenga zaka zonsezo.

Kunonso kwathu nyimbo ya "ndalama palibe" timaidziwa. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma anakwera kufika pa K90,000 mu February 2024, ndipo ngakhale pamenepo panamveka madandaulo akuti mabizinesi atsekedwa. Pamene zimenezi zinkanenedwa, mabanki ankalengeza phindu la mabiliyoni ochuluka. Mlonda woima pakhomo la banki yotere nthawi zambiri sakhala n'komwe wantchito wa bankiyo. Amalembedwa ndi kampani ina ya zachitetezo, chimodzimodzinso mayi wokolopa. Aliyense wowerengera kusiyana kwa malipiro m'bankimo sawapeza m'mabuku. Njira yosavuta yochepetsera mpata pakati pa bwana ndi wantchito wotsikitsitsa ndiyo kumuchotsa wotsikitsitsayo pamndandanda.

Kuulula pakokha sikunachititse manyazi wina aliyense. Ku America makampani akhala akuulula chiwerengerochi kuyambira mu 2018, kutsatira lamulo la Dodd-Frank la mu 2010. Ku Britain anayamba mu 2020. Kampani ya khofi ija inalemba 6,666 ndi dzanja lake, dzuwa likuswa mtengo, ndipo palibe wa m'bodi amene anatula pansi udindo chifukwa cha zimenezo. Ku Switzerland anthu anavota mu March 2013 kuti eni masheya akhale ndi mawu omaliza pa malipiro a mabwana, koma mu November chaka chomwecho anakana ganizo loti bwana asapose wantchito wotsikitsitsa kopitirira ka 12, ataopsezedwa kuti makampani asamuka. Kuopseza komweko kwa masiku onse: talente ithawa.

Komatu kuli malo amene talente sinathawe. Ku Mondragon, m'chigawo cha Basque ku Spain, kuli gulu la makopaletivi la anthu masauzande ambiri, lopanga zipangizo za m'mafakitale ndi kuyendetsa masitolo ndi banki, ndipo wapamwamba saposa wapansi ngakhale ka 10. Chinsinsi chake si mtima wabwino wa mabwana a kumeneko. Antchito ndiwo eni ake, ndipo amavota pa malipirowo. Ku Germany lamulo la mu 1976 limafuna kuti m'makampani a antchito opitirira 2,000, theka la mipando ya bodi yoyang'anira likhale la oimira antchito. Makampani a ku Germany akupangabe magalimoto ndi makina ogulidwa padziko lonse, ndipo mabwana awo, ngakhale ndi olemera ndithu, salandira zofika pa za anzawo a ku America. Wantchito akakhala m'chipinda, mawu akuti ndalama palibe amavuta kuwatchula bwana akusainira bonasi.

Mabwana amadziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake amalola kuulula ziwerengero, amalola mavoti a eni masheya, amalola ngakhale kutukwanidwa m'manyuzipepala, koma mpando wa wantchito amaukana kwamtuwagalu. Mu July 2016 Theresa May, akufuna udindo wa nduna yaikulu ya Britain, analonjeza kuti antchito adzakhala ndi owaimira m'mabodi a makampani. Mu November chaka chomwecho anaima pamaso pa msonkhano wa bungwe la eni mabizinesi la CBI n'kuwatsimikizira kuti palibe kampani imene idzakakamizidwe kutero. Lonjezolo linakhala miyezi inayi.