Si matsenga ayi, funsani kuti object yanu waipanga ndani

Lero ndabwera ndi mlandu ndipo sindinyengerera. Pali mawu amene ndatopa kuwamva, akuti "Spring ili ndi matsenga, lero igwira mawa ikana." Bodza limenelo. Spring sikana chinthu popanda chifukwa, ndipo JSF ndi Jersey nazonso zilibe mutu waukulu. Vuto ndi munthu amene waika ma framework awiri m'pulogalamu imodzi osadzifunsa kuti pa awiriwa mwini nyumba ndi uti. Akuluakulu adanena kale kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Poti pano pamafikanso ophunzira, ndiyambe ndafotokoza kuti dependency injection n'chiyani. Tiyerekeze kuti muli ndi class yoonetsa zotsatira za mayeso, ndipo ikufuna class ina yokatenga malikisi mu database. Njira yakale n'njakuti class yoyambayo idzipangire yokha inzakeyo polemba new. Njira ya dependency injection n'njakuti wina wapadera, amene timamutcha container, ndiye apange zonse ziwiri n'kupereka imodzi kwa inzake. Dzinali linatchuka ndi nkhani imene Martin Fowler analemba mu January 2004, ndipo Spring 1.0 inatuluka mu March chaka chomwecho. Zili ngati kusukulu: mphunzitsi sagula yekha choko, amalandira kwa wosunga katundu. Koma wosunga katunduyo amapereka kwa okhawo amene ali m'kaundula wake. Mlendo akalowa m'kalasi, ngakhale atavala tayi, choko salandira.

Lamulo lake ndi limeneli basi: container imapereka zinthu kwa object imene yaipanga yokha kapena imene mwaipereka m'manja mwake. Mavuto ambiri amene anthu amagonera nawo pa kompyuta usiku wonse amachokera pa kuswa lamulo limodzili.

Taonani mlandu woyamba. Munthu walemba @ManagedBean pamwamba pa class, chizindikiro chimene chinabwera ndi JSF 2.0 mu 2009. M'kati mwake walemba @Autowired, chizindikiro cha Spring chimene chinayamba mu Spring 2.5 mu 2007. Atsegula tsamba, adina batani, kwatuluka NullPointerException. Apa ndiye amayamba kulira kuti Spring yakana. Yakana bwanji poti sinaitanidwe? Object imeneyo yapangidwa ndi JSF, Spring sinaionepo. @Autowired ndi chikwangwani chabe, pachokha sichichita kanthu mpaka wodziwa kuchiwerenga atadutsa. Nkhani ndi yomweyo ndi Jersey 2, imene ili ndi container yakeyake yotchedwa HK2: mukapanda kuika mlatho wolumikiza Jersey ndi Spring, zimene Spring yasunga HK2 siizidziwa. N'chimodzimodzinso mukalemba new nokha pa class yodzadza ndi @Autowired. Mwaipanga ndinu, ndiye muidyetse ndinu.

Komatu null ndi mdani wachifundo chifukwa amakuwa. Chimene chandilembetsa lero ndi mlandu wachiwiri, umene umachitika mwakachetechete. Munthu uja wafufuza pa intaneti, wapeza yankho loti achotse @ManagedBean aike @Component, kenako alembe SpringBeanFacesELResolver mu faces-config.xml. Wachita, null yatha, wawomba m'manja. Koma wasiya @SessionScoped ya JSF pomwe inali. Tsopano mwini wa object ndi Spring, ndipo Spring payokha siwerenga chizindikiro cha JSF chimenecho. Spring ikapanda kuuzidwa m'chilankhulo chake, imapanga singleton, kutanthauza object imodzi yokha ya anthu onse olowa pa tsambalo.

Ganizirani bwino zimenezi. Wolemba pulogalamu akuyesa yekha pa kompyuta yake, zonse zikuyenda myaa. Tsiku lotulutsa zotsatira, makolo awiri alowa nthawi imodzi. Woyamba walemba nambala ya mwana wake, wachiwiri walemba ya wake, ndipo woyamba uja akadinanso akuona dzina ndi malikisi a mwana wa eni. Mu log mulibe cholakwika chilichonse. Ikanakhala pulogalamu ya malipiro kapena ya odwala, bwenzi chinsinsi cha munthu chili pa msika. Ndiye wina andiuze kuti iyi ndi nkhani yaing'ono ya akatswiri okhaokha? Ine ndimasunga malikisi a ana a anthu, ndikudziwa kulemera kwake.

Palinso msampha wina wa mtundu womwewo. Mu Java EE 6 ndi 7 munali ma @SessionScoped awiri, wina wa mu javax.faces.bean, wina wa mu javax.enterprise.context wa CDI. Dzina limodzi, eni ake osiyana. Mukalemba @Named ya CDI kenako IDE n'kukusankhirani import ya JSF, CDI siiona, ndipo object yanu imapangidwa yatsopano nthawi iliyonse ikafunidwa. Munthu adzadza fomu, apita tsamba lachiwiri, zonse zasowa. Cholakwika chili pa mzere wa import, pamwamba penipeni pamene ambiri amapinda kuti asamapaone.

Ndiye mlanduwu ndi wa ndani? Ine ndikuloza chala kaphunzitsidwe ndi kaphunziridwe. Pali aphunzitsi amene amayambitsa mwana pa framework asanalembepo class zitatu n'kuzilumikiza ndi manja ake mu main. Mwanayo amakula akuganiza kuti chizindikiro cha @ ndi mankhwala owaza: zikavuta, onjezera china. Ndaonapo class imodzi itasenza @ManagedBean, @Component, @Named ndi @Controller pamodzi, ngati wodwala amene wamanga zithumwa za asing'anga anayi. Palinso chizolowezi chokopera yankho osayang'ana chaka chake. Yankho lolembedwa mu 2010 linali la dziko lina. @ManagedBean ija inalengezedwa kuti ndi yotha ntchito mu JSF 2.3 mu 2017 ndipo inachotsedweratu mu Jakarta Faces 4.0 mu 2022. Maina oyamba ndi javax anasinthidwa kukhala jakarta mu Jakarta EE 9 mu 2020, ndipo Spring Boot 3 ya mu November 2022 inatsata zomwezo. Wokopera mosaganiza, kaya akukopera kwa munthu kaya kwa AI, akusoka chigamba cha nsalu ina pa malaya ena.

Ndikudziwa zimene ena muyankhe. Munena kuti, "Aphunzitsi, inu mukulankhula za m'kalasi. Kuntchito timapeza pulogalamu yakale ya JSF kapena Struts, bwana akufuna tiwonjezere Spring, sitingagwetse nyumba yonse." Zoona, ndipo sindikunena kuti kusakaniza ndi tchimo. Milatho ilipo ndipo inapangidwira zomwezo. Chimene ndikukana ndi kusakaniza popanda kugamula. Khalani pansi musankhe container imodzi kuti ndiyo mwini wa ma service onse, inayo izingopempha kudzera pa mlatho. Mukatero lembani chigamulocho penapake kuti wobwera m'mbuyo mwanu achipeze.

Ena munena kuti nkhaniyi inatha mu 2009 pamene JSR-330 inabweretsa @Inject yoti aliyense aziigwiritsa ntchito. Ine ndikuti mbali ina inawonjezera chisokonezo. Spring imawerenga @Inject, Guice imawerenga, CDI imawerenga, HK2 nayo imawerenga. Ndiye mukaona @Inject pa class, simunadziwebe kuti akuyankha ndani. Anthu anayi akamva chilankhulo chimodzi sizitanthauza kuti akusunga katundu m'chipinda chimodzi. Mukhoza kupempha chinthu chimene chili kwa Spring, koma pempho lanu n'kufika kwa HK2, iyo n'kuyankha kuti chimenecho sichidziwa.

Choncho zikavuta, musathamangire kuwonjezera chizindikiro. Choyamba pezani wopanga. Ikani breakpoint mu constructor ya class yovutayo, kapena lembani new Exception().printStackTrace() momwemo, muwerenge maina amene atuluke. Mukaona org.springframework ndiye Spring, org.jboss.weld ndiye CDI ya Weld, org.glassfish.hk2 kapena org.jvnet.hk2 ndiye HK2, com.sun.faces ndiye JSF ya Mojarra. Mukaona dzina la class yanu yomwe, wopanga ndinu. Chachiwiri, tambasulani ma import muone ngati chizindikiro chilichonse ndi cha mwini amene mwamupeza uja. Chachitatu, yesani ngati anthu awiri, wina pa Firefox wina pa Chrome, ndipo musindikize System.identityHashCode(this) pa onse awiri. Nambala ikafanana pa object yosunga zinthu za munthu mmodzi, imani pomwepo, musatulutse pulogalamuyo. Chachinayi, pamene n'kotheka perekani zofunika kudzera mu constructor osati pa field. Kuyambira Spring 4.3 ya mu 2016, class ikakhala ndi constructor imodzi simufunikanso kulemba @Autowired. Ubwino wake ndi woti object singabadwe ili yoperewera: zikasowa, pulogalamu imakana msanga inu mukuona, osati mawa pamaso pa kholo.

Kwa aphunzitsi anzanga, m'masukulu ndi m'makoleji momwe, pempho langa ndi ili. Mwana asakhudze @Autowired asanalumikize yekha ma object ndi new ndi constructor mpaka atatopa nazo. Akatopa ndi pamene adzamvetse ntchito imene container imamuchitira, ndipo tsiku limene idzapande kumuchitira adzadziwa pofunsa. Kwa olemba anthu ntchito, musamangowerenga ma framework asanu ndi awiri amene ali pa CV. Muonetseni class imodzi mumufunse kuti, "Iyi waipanga ndani, ndipo ikhala moyo mpaka liti?" Akalephera mafunso awiri amenewa, musamupatse malikisi a ana athu kuti asunge.