Mkangano wa makamera usaiwalitse mwini nkhope

Pali mkangano umene sukutha pakati pa achinyamata okonda kujambula zithunzi. Akakumana paukwati, pachinkhoswe kapena kubwalo la mpira, nkhani imakhala yomweyomweyo: wa Canon akunyoza wa Nikon, wa Sony akuwaseka onse awiri kuti adatsalira, pomwe wina amene wangogula foni yolembedwa kuti ili ndi ma megapixel 108 akuti makamera onsewo n'katundu wongolemetsa khosi. Mkanganowu umakoma kuumvera, ndipo palibe cholakwika kuti munthu azinyadira chida chake. Ngakhale alimi amatsutsana za mbewu. Vuto n'lakuti amene amalipira si okanganawo ayi. Amalipira ndi mayi amene wapereka ndalama ya mtedza kuti mwana wake ajambulidwe tsiku la ukwati, komanso bambo amene mnyamata wake wamuumiriza kugulitsa mbuzi kuti agule kamera yoyambira bizinesi.

Zinthu zasinthadi mofulumira. Kamera yoyamba yadijito adaipanga ndi Steven Sasson, injiniya wa kampani ya Kodak ku America, m'chaka cha 1975. Inkalemera makilogalamu 3.6 ndipo inkatenga masekondi 23 kuti isunge chithunzi chimodzi chakuda ndi choyera pa tepi ya kaseti. Kodak, imene inkadya bwino pogulitsa filimu, sidafulumire nayo nzeruyi, ndipo mu Januwale 2012 idathamangira kukhoti ngongole zitaikwana. Makamera adijito amene adagwetsa filimu nawonso adakumana nazo. Malinga ndi bungwe la CIPA, la makampani opanga makamera ku Japan, m'chaka cha 2010 mafakitale adatumiza kumisika makamera oposa 120 miliyoni, koma mu 2023 sadakwane ndi 8 miliyoni omwe. Foni ya m'manja idalanda msika.

Akuluakulu akukumbukira wojambula wa panjinga uja, amene ankazungulira m'midzi ndi m'misika kamera ili pakhosi. Ankalandira theka la ndalama, n'kudikira kuti filimu ya zithunzi 36 idzaze, kenaka n'kupita nayo kutauni kukatsukitsa. Pankadutsa masabata. Nthawi zina ankabwera ndi uthenga wachisoni wakuti zithunzi zidapsa. Komabe zimene zidapulumuka zilipo mpaka lero, m'maalubamu, m'masutikesi ndi m'makoma a pabalaza. Lero mwana wa sitandade 8 angathe kujambula zithunzi 200 tsiku limodzi, koma m'mabanja ambiri mulibe ndi chimodzi chomwe chotsukidwa cha zaka zisanu zapitazi.

Bodza loyamba limene likudya ndalama za anthu ndi la ma megapixel. Chithunzi chadijito chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono, ndipo megapixel imodzi ndi timadontho 1 miliyoni. Chithunzi cha mualubamu, cha masentimita 15 m'litali ndi 10 m'lifupi, chimaoneka bwino kwambiri ndi timadontho 1,800 mbali ina ndi 1,200 mbali inayo, kutanthauza ma megapixel ongopitirira pang'ono 2. Chachikulu ngati pepala la A4, chopachika pakhoma, sichifuna oposa 9. Choncho kamera yakale ya ma megapixel 12 ikukwanira pa ntchito zonse za banja. Chodabwitsa n'chakuti mafoni ambiri a ma megapixel 108 aja amaphatikiza timadontho 9 kukhala kamodzi, n'kutulutsa chithunzi cha ma megapixel 12 omwewo. Nambala yaikuluyo imagwira ntchito kwambiri pabokosi la m'sitolo.

Chimene chimasiyanitsa kamera ndi inzake ndi kuchuluka kwa kuwala kumene imakola. M'kati mwa kamera muli kachipangizo kolandira kuwala kotchedwa sensor. M'makamera akuluakulu kamakhala ka mamilimita 36 ndi 24, ngati bwalo limodzi la filimu yakale, pomwe m'mafoni ambiri sikafika ndi kukula kwa chikhadabo. Zili ngati kutchera madzi a mvula: wina watchera beseni, wina kapu. Mvula ikakhala yambiri onse apeza madzi, n'chifukwa chake masana padzuwa foni imajambula mokongola ndithu. Koma m'tchalitchi cha mawindo ang'onoang'ono, kapena muholo magetsi atathima cha m'ma 6 koloko madzulo, wa kapu uja amatulutsa nkhope zosaoneka bwino, zokhala ngati zawazidwa mchenga.

Apa okonda kujambula amene adakhwima pa ntchitoyi amanena zoona akamati ndalama iyambe yapita ku lenzi. Makamera ambiri otsika mtengo amabwera ndi lenzi ya 18-55mm, imene ikakokedwa mpaka kumapeto imatseguka kufika pa f/5.6 basi. Lenzi ya 50mm f/1.8, imene ili m'gulu la zotchipa kwambiri kwa Canon ndi Nikon yemwe, imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi kuposa pamenepo. Siikoka zinthu zakutali, wojambula amayenera kusendera yekha ndi miyendo. Koma kamera yakale yokhala ndi lenzi imeneyi imajambula mkwatibwi m'tchalitchi bwino kuposa kamera yatsopano yodula yokhala ndi lenzi yobwera nayo ija.

Nkhaniyi ndi yofunika kaamba kakuti zida zonsezi zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kamera yatsopano ndi maloto kwa achinyamata ambiri a m'matauni ang'onoang'ono. Mwayi ulipo pa zakaunjika. Kuyambira 2018, pamene Canon ndi Nikon adatulutsa makamera akuluakulu opanda galasi m'kati, ojambula ambiri kunja akhala akugulitsa makamera awo akale a DSLR. Koma chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Chotsekera cha kamera chimatha ngati matayala a galimoto: m'makamera ambiri ang'onoang'ono chidapangidwa kuti chijambule maulendo pafupifupi 100,000, ndipo wogula ayenera kufunsa kuti chajambula kale kangati. Lenzi ayiyang'ane padzuwa, chifukwa ikasungidwa pachinyontho imamera nkhungu yooneka ngati ulusi wa kangaude m'kati mwa galasi. Adziwenso kuti malenzi atsopano a makamera opanda galasi salowa pa makamera akale. Ndipo memory card yotchipa modabwitsa ya pamsika aisiye pomwepo. Yachinyengo imaonetsa ngati ili ndi malo ambiri, koma tsiku la ukwati imameza zithunzi, ndipo ukwati subwerezedwa.

Koma nkhani yaikulu kuposa zonsezi ndi ya kukonza zithunzi pakompyuta, ndipo ndi imene okanganawo saikambirana mokwanira. Amatsutsana za pulogalamu yabwino: Photoshop, imene idatuluka mu 1990 ndipo kuyambira 2013 kampani ya Adobe imalipiritsa mwezi ndi mwezi, kapena zaulere monga GIMP, darktable ndi Snapseed ya pafoni. Sakufunsana kuti kukonzako kulekezere pati. Zotsatira zake zikuoneka pamakadi a ukwati ndi pa Facebook. Mkwatibwi wakuda bwino, amene mudzi wonse ukumudziwa, akutuluka woyera ngati wadzola ufa, khungu losalala ngati chidole cha m'sitolo ya zovala, mphuno yosongoka imene kwawo kulibe. Agogo akuwachotsa makwinya ndi mphini. Mwana akumufafaniza chipsera chimene amake amadziwa tsiku limene adachipeza.

Ojambula ena amadziteteza kuti makasitomala ndiwo amafuna zimenezi, ndipo n'zoona kuti ena amapemphadi. Koma mbiri ya nkhaniyi ndi yowawa. Kwa zaka zambiri kuyambira m'ma 1950, malo otsukira zithunzi ankalinganiza mitundu pogwiritsa ntchito khadi la Kodak lotchedwa Shirley, pomwe padali chithunzi cha mzimayi wachizungu. Filimu ndi makina zidapangidwa poganizira khungu loyera, ndipo anthu akuda ankatuluka ngati mthunzi wokhala ndi mano ndi maso okha. Padatenga nthawi yaitali kuti makampani avomereze vutoli. Mu 2021 kampani ya Google idachita kulengeza ngati chinthu chachikulu kuti foni yake ya Pixel 6 yakonzedwa kuti izijambula bwino khungu lakuda. Tsono n'zomvetsa chisoni kuti pamene makina ayamba kulemekeza khungu la munthu wakuda, ndi mnyamata wakuda amene akukhala pakompyuta usiku wonse kuliyeretsa. Mtsikana wa zaka 12 amene akuona mchemwali wake atayeretsedwa pachithunzi cha ukwati akuphunzirapo kanthu, ndipo mafuta oyeretsa khungu amene akuononga nkhope za amayi ambiri akumudikira pamsika.

Sikuti kukonza kulikonse n'koipa. Kuwalitsa chithunzi chimene chidada, kudula m'mbali, kuchotsa kadontho ka fumbi la palenzi, zonsezi ojambula ankachita ngakhale nthawi ya filimu. Malire ake ndi apo pamene munthu wasiya kufanana ndi iye mwini. Atolankhani akuluakulu amawadziwa malirewa. Mu Malichi 2024 mabungwe ofalitsa nkhani monga AP, Reuters ndi AFP adachotsa chithunzi cha Catherine, mkazi wa Prince William wa ku Britain, ali ndi ana ake, ataona kuti chidasinthidwa, ndipo mwini wake adapepesa. Ngati banja lachifumu lidabwezeredwa chithunzi, palibe chifukwa chakuti banja la ku Mponela kapena ku Luchenza lizilandira mwakachetechete nkhope yachilendo yolembedwa dzina la mwana wawo.

Chithunzi cha banja chili ndi ntchito imene imadza mochedwa. Ndi chimene chimanyamulidwa kutsogolo kwa bokosi tsiku la maliro. Ndi chimene apolisi amapempha mwana akasowa. Ndi chimene mwana wamasiye adzayang'ane pofuna kudziwa ngati adatengera maso a amake. Pa nthawi zoterezi chithunzi choyeretsedwa chija chimakhala chopanda ntchito, ngakhale chitajambulidwa ndi kamera ya mamiliyoni.

Achinyamatawa angapindule atadziwa amene adawatsogolera. Dziko lino lidali ndi Mungo Murray Chisuse, mmodzi mwa Amalawi oyamba kujambula zithunzi, amene ankagwira ntchito yosindikiza mabuku ku mishoni ya Blantyre. Zina mwa zithunzi zimene anthu amadziwira nkhope ya M'busa John Chilembwe ndi anthu a mishoni yake ya ku Mbombwe, ku Chiradzulu, nkhondo ya 1915 isadachitike, adajambula ndi iyeyu. Ku Mali, Seydou Keïta adatsegula malo ake ojambulira ku Bamako mu 1948. Ankadalira kwambiri kuwala kwa dzuwa ndi nsalu yopachika kumbuyo, ndipo makasitomala ake adali anthu wamba ovala zovala zawo zabwino. Ankasunga mosamala filimu za zithunzi zake, ndipo m'ma 1990 zidatulukira n'kukaonetsedwa ku Paris. Mnzake Malick Sidibé, amene ankajambula achinyamata m'madansi a ku Bamako komweko, adalandira mphotho ya Golden Lion ku Venice mu 2007. Foni iliyonse ya lero ili ndi luso loposa makamera amene anthuwa ankagwiritsa ntchito. Chimene adali nacho n'kudziwa poimika munthu kuti kuwala kumugwere bwino, kudekha mpaka nkhope itamasuka, ndi kusunga ntchito yawo.

Kusungako n'kumene kwasokonekera kwambiri masiku ano. Zithunzi za ubatizo, za tsiku lolandira satifiketi ndi za mwana wongobadwa kumene zikukhala m'foni imodzi, imene mawa ingabedwe m'minibasi kapena kugwera m'chitsime. Zambiri zimafika kudzera pa WhatsApp, imene imazichepetsa kuti ziyende msanga pokhapokha wotumiza atazitumiza ngati document, ndipo pokazitsukitsa zimatuluka zosaoneka bwino. Wojambula naye Loweruka lotsatira amafafaniza khadi kuti ajambulire ukwati wina. Pepala nalo silodalirika palokha: namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adakokolola nyumba ndi zonse zimene zidali m'menemo m'maboma a kummwera. Chithunzi chofunika chimayenera kukhala malo awiri kapena atatu osiyana, china chotsukidwa, china pa fulashi yosungidwa kwa m'bale wa kwina, china pa intaneti kwa amene angathe.

Choncho komiti ya ukwati ikamakambirana ndi wojambula, funso lakuti ali ndi Canon kapena Nikon lingathe kudikira. Aonetse kaye zithunzi zimene adajambula m'tchalitchi ndi muholo madzulo, osati zapadzuwa zokha, ndipo pakhale wina wowadziwa anthu a pazithunzizo kuti anene ngati akufanana. Agwirizane polemba kuti zotsukidwa zidzakhala zingati, zidzaperekedwa tsiku liti, ndiponso kuti banja lidzalandira pa fulashi zithunzi zonse monga zidatulukira m'kamera, zisadakhudzidwe ndi kompyuta. Wojambula anenenso miyezi imene adzasunge zithunzizo asadazifafanize. Ndalama yomaliza iperekedwe alubamu ndi fulashi zili m'manja mwa ankhoswe.