Mapanga Awiri Savumbwitsa Mlembi

Pali langizo lina lomwe lafala pakati pa anthu ophunzitsa achinyamata kulemba nkhani zopeka m'Chingerezi, ndipo ine ndikulikana poyera. Amati ukafuna kulemba Chingerezi chabwino uyambe waiwala Chichewa, uziganiza m'Chingerezi, uzilota m'Chingerezi, ndiponso uziloweza mawu atsopano khumi tsiku lililonse. Ena amachita kukometsera ndi mwambi, amvekere mapanga awiri avumbwitsa. Langizo limeneli lapundula alembi ambiri kuposa mmene umbuli wachitira.

Ndikunena izi monga mphunzitsi amene kwa zaka zambiri ndakhala ndikuwerenga zolemba za ana a sekondale ndi za aphunzitsi anzanga kuno m'tsinde mwa phiri la Chongoni ku Dedza. Zambiri mwa nkhanizi zimadwala nthenda imodzi. M'menemo dzuwa silimangolowa ayi, limafuna mawu asanu aataliatali oti ngakhale Mngerezi weniweni akawafufuze m'dikishonale. Anthu ake amadya chakudya cham'mawa ndi foloko, amayankhula ngati akuwerenga kalata yofunsira ntchito, ndipo akakhumudwa amakayima pawindo n'kumayang'ana chipale chikugwa. Chipale! Mwana wobadwira pa Linthipe, amene zala zake zimauma ndi chisanu cha mu Juni akamapita kusukulu, amene amadziwa mmene nkhungu imakwiririra mitengo ya paini mpaka osaona mnzako ali pataliko pang'ono, wasiya zonsezi n'kukabwereka kuzizira kwa ku London kumene sadakuonepo. Ukamufunsa chifukwa chake, amati zakwathu sizimveka bwino m'Chingerezi. Adamuuza zimenezo ndani?

Mwanayo sindimuda. Kwa zaka zambiri dziko lino lakhala likumuuza kuti wolephera Chingerezi pamayeso a Fomu 4 alibe satifiketi ngakhale akhoze masamu ndi sayansi, ndipo m'chaka cha 2014 boma lidalengeza kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1. Tambiri tidakula tikuona anzathu akulangidwa chifukwa choyankhula chinenero cha amayi awo pabwalo la sukulu. Motero mwana amafika pokhulupirira kuti Chingerezi ndi suti yovala pa ukwati, yoti ukaivala suyenera kukhala pansi kapena kuseka. Nkhani yolembedwa ndi munthu woopa kudetsa suti imakhala chikomekome cha mkuyu.

Tiyeni tione kaye za mapanga, poti ife a ku Chongoni mapanga timawadziwa. M'mapiri athu ano muli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Zojambula zofiira ndi za Akafula, alenje amene Achewa adawapeza. Zoyera ndi za Achewa, zina zokhudza chinamwali, zina zokhudza nyau. Pitani ku Chencherere, ku Mphunzi kapena ku Namzeze mukadzionere. Makolo athu adapeza thanthwe lolembedwa kale ndi mtundu wina wa chiyankhulo china. Sadalithawe, komanso sadayambe kukopera zofiira za eni ake. Adatenga dothi loyera n'kujambulapo zomwe zidali kuwasowetsa tulo iwowo. Chingerezi kwa ife ndi thanthwe lotere: tidalipeza lolembedwa kale, malo otsala alipo, funso ndi lakuti tijambulapo zathu kapena tingobwereza za eni ake.

Amene amati tiiwale Chichewa atiuze dzina la mlembi mmodzi wa kuno amene adakula potero. Samuel Nthara, mphunzitsi wa pa Nkhoma apa, adalemba Nthondo m'Chichewa, napata nalo mphotho, ndipo bukulo lidatuluka mu 1933. Chaka chotsatira Cullen Young adalitulutsa m'Chingerezi ndi mutu wakuti Man of Africa, azungu n'kuliwerenga. Chidawakopa ndi moyo wa pamudzi wa Mchewa umene Nthara adaudziwa kuchokera kumphasa mpaka kubwalo. Legson Kayira adanyamuka wapansi mu 1958, nafika ku Khartoum patatha zaka ziwiri, kenaka ku America. Munthu woona maiko chonchi, atakhala pansi kuti alembe The Looming Shadow ndi Jingala, adabwerera kumudzi, ndipo ziganizo zake n'zoti mwana wa Fomu 2 amazimva. Steve Chimombo adamanga ntchito ya moyo wake pa Napolo wa ku Zomba. Stanley Onjezani Kenani adafika kawiri pamndandanda wa omaliza wa mphotho ya Caine, mu 2008 ndi mu 2012, ndi nkhani za Amalawi. Kunja nako, Chinua Achebe adatulutsa Things Fall Apart mu 1958 m'Chingerezi chomwe ukamachiwerenga umamva akuluakulu a Chiigbo akuyankhula kuseri kwake. Onsewa adali ndi mapanga awiri, ndipo palibe adavumbwa.

Tsono pali gulu lina limene likamva zoterezi limaomba m'manja msanga, n'kumati malamulo a Chingerezi alibe ntchito bola nkhani ikhale yakwathu. Awanso ndi onama. Walira mvula walira matope: wasankha kulemba m'chinenero cha eni, phunzira mmene chimayendera. Ife Achewa tili ndi maenje athuathu amene timagweramo. Mawu athu akuti iye sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, n'chifukwa chake m'nkhani zambiri mayi amasanduka bambo pakati pa ndime. Chichewa chilibe timawu tating'ono tija timene Mngerezi amaika patsogolo pa dzina, choncho timatisiya pofunika n'kutimwaza posafunika. Nkhani imayamba m'nthawi yakale, ikafika pokoma n'kulumphira m'nthawi yatsopano, monga timachitira pokamba nthano pamoto. Zolakwa izi n'zowerengeka, ndipo munthu akazidziwa kuti zimachokera ku Chichewa chake amazisaka yekha ngati nsabwe m'msoko. Koma taonani: kuti azidziwe ayenera kuyang'ana zinenero ziwirizi pamodzi. Woiwala Chichewa sadziwa n'komwe chimene chikumupunthwitsa.

Ntchito yeniyeni, imene dikishonale singakugwirire, ili pa zinthu zomwe Chichewa chimanena ndi liwu limodzi pamene Chingerezi chilibe pogwira. Mkamwini akamayankhula ndi apongozi ake amati inu, amati iwo, amakhala chapatali, maso ali kumbali. Chingerezi chili ndi liwu limodzi lokha loitanira mfumu, mwana ndi galu yemwe. Mlembi waulesi amangolemba liwulo, ulemu wonse n'kutayika. Mlembi wakhama amafunsa kuti ulemuwu ndiuonetsa bwanji, ndipo amaupeza m'thupi la munthuyo: chipewa chili m'manja, wanjuta kuseri kwa nkhokwe, akuyankha funso lomwe lafunsidwa kudzera mwa mkazi wake. Pamenepo nkhani yayamba kupuma. Chimodzimodzi atsibweni. Liwu la Chingerezi limaphatikiza mlongo wa amayi ako ndi mbale wa bambo ako m'thumba limodzi, chonsecho kwathu kuno woyambayo ndiye mwinimbumba, wokamba za ukwati wako ndi za munda wako. Usatiyikire ndime yofotokoza chikhalidwe cha Achewa ngati buku la sukulu. Tionetse bambo wobereka atakhala chete pamlandu wa mwana wake yemwe, atsibweni akuyankhula, ndipo wowerenga wa ku Toronto amva yekha kuti mphamvu ili kuti.

Nanga mvekero? Timati m'nyumba mudali zii, munthu adangoti kakasi, magazi ali psuu. Ena amazilemba momwemo m'Chingerezi, ndipo mwa apo ndi apo zimakoma. Koma phunziro lalikulu la mvekero ndi kufupikitsa. Agogo akati zii sawonjezera kanthu. Chiganizo chako cha Chingerezi chikhale ndi mtima womwewo: mawu ochepa, odziwika, oikidwa pamalo pake. Mwana amene akuloweza mawu khumi patsiku akadapindula koposa akadamachotsa mawu khumi patsamba lililonse lomwe walemba.

Wina anena kuti bwanji osangolemba m'Chichewa monga adalimbikitsira Ngugi wa Thiong'o mu Decolonising the Mind mu 1986. Ndi funso labwino, ndipo umboni wa kumene mtima wanga uli ndi chinenero cha nkhani mukuwerengayi. Koma mtsikana amene wasankha Chingerezi kuti nkhani yake ikawerengedwe ku Lusaka, ku Nairobi ndi ku Lagos sadapalamule mlandu. Chomwe ndikukana n'chakuti amulipiritse Chichewa chake ngati msonkho wolowera.

Kwa iye ndinganene izi. Werenga kwambiri, ndipo uwerenge ngati mmisiri amene akupasula wailesi kuti aone mawaya: nkhani imodzi yaifupi katatu, kachitatuko ukuyang'ana pamene mlembi wayambira, pamene wadula, ndi chimene wasiya osanena. Pita pamsika wa Chimbiya ukamvere mayi wogulitsa kachewere akukangana ndi dalaivala wa lole, ulembe mkanganowo m'Chichewa momwe wamvera, kenaka ulimbane nawo mpaka m'Chingerezi mayiyo akhalebe wolusa ndi woseketsa monga adaliri. Ukatha uwerenge mokweza. Pamene lilime lako lakodwa, chiganizocho n'chodwala. Ndipo upeze mnzako wopanda chisoni woti akuwerengere. Gulu la alembi la pa Chancellor College lomwe lidayamba mu 1970, momwe mudadutsa a Jack Mapanje ndi anzawo, lidakula chifukwa anthu ankadzudzulana zolemba maso ndi maso.

Kwa ife a mabungwe a alembi, pempho langa ndi lakuti maphunziro athu asamathere m'mahotela a ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Tibwere nawo kuno kumapiri, m'kalasi wamba Loweruka m'mawa, ndipo phunziro loyamba likhale lomasulira: tsamba limodzi la Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, ana makumi awiri, aliyense alitembenuzire m'Chingerezi payekha, kenaka tiyerekeze zimene zatuluka ndi kukangana za liwu lililonse mpaka dzuwa lipendeke.