Amisiri omanga maonekedwe a mafilimu ali pa mpanipani ku South Africa

CAPE TOWN - Anthu ambiri amene anaonera filimu ya Mandela: Long Walk to Freedom, ya mu 2013, ankaganiza kuti akuona ndende yeniyeni ya pa Robben Island. Komatu zipinda za ndendeyo, pamodzi ndi misewu ya Soweto wakale, zinachita kumangidwa ku Cape Town Film Studios motsogoleredwa ndi a Johnny Breedt, katswiri wa ku South Africa wokonza maonekedwe a mafilimu.

Ntchito ya munthu wotereyu imayamba kamera isanafike. Iye amawerenga nkhani yonse, amafufuza zithunzi zakale, amajambula mapulani, kenako amayang'anira akalipentala, opaka utoto ndi osaka mipando ndi ziwiya. Zonsezi ziyenera kutha pa tsiku lake komanso osapyola ndalama zimene anapatsidwa.

Mbiri ya a Breedt ikusonyeza mmene lusoli linakulira m'dzikomo. Iwo anali m'modzi mwa okonza maonekedwe a Hotel Rwanda mu 2004, filimu imene mbali yaikulu inajambulidwa ku South Africa. Mu Eye in the Sky, ya mu 2015, anasandutsa malo a m'dzikolo kuti aoneke ngati dera la Eastleigh ku Nairobi.

Chimene chinkakopa mafilimu akunja oterewa si luso lokha. Kuyambira mu 2004 boma linkabwezera makampani gawo la ndalama zimene awononga pojambula m'dzikomo. Kubwezako kutayamba kuchedwa, ntchito zinachepa, ndipo mu 2025 ogwira ntchito za mafilimu anachita zionetsero ku Pretoria.

Vutoli limapweteka kwambiri amisiri chifukwa ambiri amalembedwa pa filimu imodzi imodzi. Wachinyamata amaphunzira poyamba ndi kunyamula katundu, n'kumakwera pang'onopang'ono. Mafilimu akasowa, makwererowo amathyoka.

Mayiko oyandikana nawo nkhaniyi ikuwakhudzanso. Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, ya mu 2019, yonena za William Kamkwamba, inajambulidwa ku Malawi konkuno m'chigawo chino, koma wokonza maonekedwe ake anachokera ku Brazil. Ngati South Africa, kumene ntchito za mafilimu n'zokhazikika kuposa kwina kulikonse m'chigawochi, italephera kusunga amisiri ake, nkhani za kuno zidzapitiriza kuvekedwa ndi manja a alendo.